Tiyi Amene a Idah Sanamwe

Chiperoni chikatsika m'phiri, malayini a pa esiteti ankasowa. Nyumba zake zinali zofanana kale, khomo limodzi, kazenera kamodzi, ndiye nkhungu ikaziphimba, ngakhale wobadwira pomwepo ankatha kugogoda pa chitseko cha eni. Koma nyumba ya a Idah Simeoni munthu ankaipeza ndi mphuno. Kuseri kwake, pafupi ndi nthochi, kunali mgolo wodulidwa pakati, wokhazikidwa pa mafuwa. Masiku a tchuthi cha sukulu mgolowo unkatulutsa fungo la tiyi lomwe linkayenda pang'onopang'ono pamodzi ndi nkhungu, kudutsa pachitsime, mpaka kukafika kumene amayezera madengu.

Komatu a Idah anali a Sabata, obatizidwa ku Makwasa ali mtsikana, ndipo a Sabata samwa tiyi. Anamutchola moyo wawo wonse, masamba awiri ndi kansonga, dengu kumsana, mpaka zala zinada ngati za wosula makasu, koma kukoma kwake sanakudziwe. Kunja kwa dziko lino tiyi yemweyu amamuthira m'makapu opyapyala ngati chigoba cha dzira, anthu n'kumamwa ali phee, osadziwa n'komwe dzina la phiri limene anamera. Kwa a Idah tiyi anali utoto.

Amuna awo, a Sitefano, anapita ku Halale nkhondo yaikulu itangotha. Chaka choyamba anatumiza makina osokera, opukusa ndi dzanja, atakulungidwa m'bulangete. Kenako zii. Mwana panalibe. A Idah akamapukusa makinawo ankamva ngati sitima ikunyamuka, ndipo maganizo ankakwera nawo, kupita ku mzinda umene sanauonepo, kumene amati anthu amavala nsapato ngakhale Lachiwiri. Mwamunayo ankamuimika pa ngodya ya msewu wina, atavala chipewa, akuyang'ana kumbali. Ulusi ukaduka mzinda unkazima, n'kutsala malayini, mbuzi ndi utsi.

Sukulu ya kumtunda kwa esitetiyo inali ndi lamulo lakuti ana azivala khaki, anyamata kabudula ndi malaya, atsikana diresi. Khaki anali m'sitolo, ndipo wa m'sitolo sankadziwana ndi anthu otchola tiyi. Apa m'pamene panabadwira mgolo. Makolo ankasaka matumba oyera a fulawa kwa ophika buledi ku Masambanjati. A Idah ankawasomola, kuwanyika m'madzi a phulusa, kuwamenya pamwala, kuwayanika padzuwa kuti zilembo zifooke. Wosesa m'fakitale ankawasungira fumbi la tiyi logwa pansi. Fumbilo likawira mumgolo ndi mchere wodzaza dzanja, nsalu inkalowa yoyera n'kutuluka khaki. Luso lonse linali pa kuvuula. Nsalu imafunika kuitakasa osaleka, n'kuichotsa madzi akadali ofunda.

Anthu ankathokoza ndi zomwe ali nazo: mtolo wa nkhuni, nandolo, kambale ka kalongonda wophikaphika. Ena ankangothokoza ndi pakamwa, a Idah n'kulandiranso chimodzimodzi.

Akulu a mpingo anabwerako tsiku lina, fungo litawafika m'makutu kudzera m'milomo ya anthu. Anaima patali ndi mgolo, zipewa zili m'manja.

"Mlongo, tamva kuti kuno kukuphikidwa tiyi."

"Mwamva zoona, abambo." A Idah anapisa ndodo mumgolo, navuula kakabudula kakudontha. "Koma wakumwa ndi uyu. Mukafuna kumudula mumpingo, ndi uyu."

Akuluwo anaseka mobisa, namapita. Tchuthi chotsatira mmodzi wa iwo anatumiza matumba ake.

Chaka chimene anthu anayamba kulankhula za Chitaganya, m'nyumba yoyandikana nawo munkakhala Teleza, mayi wachikatolika, wochokera tsidya la kwa Apwitikizi. Mwamuna wake, Fabiano, anamwalira ndi chifuwa dzinja la chaka chomwecho. Anatsala ndi mwana mmodzi, Vailet, kamtsikana kowonda kamene kankawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, ngakhale mabokosi a tiyi. Aphunzitsi a Peterson anamulekerera teremu yonse akubwera ndi kansalu ka amake. Potsekera anamuuza mosabisa kuti sukulu ikatsegulidwa abwere ndi khaki, apo ayi malo ake apatsidwa kwa wina, poti ana odikira benchi anali ambiri.

Teleza anakatsuka mathireyi kwa wophika buledi masiku a tchuthi onsewo kuti apatsidwe matumba awiri. Anawalandira Lachisanu lomaliza. Sukulu inkatsegulidwa Lolemba.

"Achemwali, ndawapeza," anatero ataima pakhomo, madzi akutsika m'tsitsi.

A Idah anayang'ana matumbawo. Anali atsopano, zilembo zofiira zikuwala, ndi chithunzi cha ngala ya tirigu pakati.

"Lero ndi Lachisanu, amake Vailet."

"Ndikudziwa. Inu a Sabata mumayesa ife sitiwerenga masiku?"

"Dzuwa likalowa, manja awa si anganso."

"Dzuwa lake liti? Mlungu wonse uno mwaliona?"

Zinali zoona. Chiperoni chinali chitagona pa esiteti kuyambira Lolemba, ndipo kumwamba kunali koyera ngati mkati mwa thumba lomwelo. Masiku otere a Idah ankafunsa nkhuku. Zikalowa m'khola, ndiye kuti Sabata lalowa.

Anagwira ntchito atatu. Teleza ankamenya matumba pamwala, Vailet akuuzira moto, a Idah akusefa fumbi la tiyi. Nkhuni zinali zonyowa, zinkangolira ndi kutulutsa thovu. Zilembo zinafooka pang'ono chabe, poti panalibe dzuwa lozidya. Vailet ankazipenya ndi mantha. Ankadziwa mnyamata wina amene malaya ake anasunga zilembo kumsana, ndipo mpaka nthawi imeneyo sukulu yonse inkamuitana kuti Fulawa.

Madzi atawira, nsalu zitangomira, tambala anakwera pa mtondo, nayang'ana uku ndi uku ngati munthu woiwala chimene anadzera, natsika kulowera kukhola. Misoti inamutsatira. Nkhungu inali itazinamiza, kapena sinazinamize, palibe akanadziwa. Vailet anathamanga nakaima pakhomo pa khola, atatambasula manja, akuziingitsa.

"Zisiye, mwanawe," anatero a Idah. "Dzuwa sulitchinga ndi mwendo."

Anatsamiritsa ndodo pa nthochi, nafumula nkhuni pamoto, navundikira mgolo ndi lata.

"Nanga ndikavuula ine?" Teleza anafunsa. "Tsiku langa ndi Lamulungu."

A Idah anayang'ana kumbali. Kutuma mnzako ntchito pa Sabata n'chimodzimodzi kuigwira wekha, ndipo ngakhale kugwedeza mutu kukanakhala kutuma. Anasamba m'manja, nalowa m'nyumba, nayamba kuimba chapansipansi. Teleza anaima kanthawi pabwalo akung'ung'udza m'Chilomwe, kenako anakoka mwana wake.

Loweruka a Idah anapita kukapemphera. Kapitawo anali atazolowera kuti tsiku limeneli dengu lawo limagona. Njira inkadutsa pakati pa minda, ndipo tiyi ankangotuluka m'nkhungu mzere umodzi umodzi, n'kumiranso kumbuyo kwawo, ngati dziko likulengedwa kutsogolo n'kumafafanizidwa m'mbuyo. M'tchalitchi anayesetsa kumvetsera. Koma akatsinzina popemphera ankaona nsalu zili pansi pa mgolo, zikumwa tiyi mwakachetechete. Poimba nyimbo yoyamba zinali ngati udzu wouma. Pa ulaliki zinafika pa mtundu wa chulu. Pomwe ankatuluka zinali ngati msewu wa ku Mphuka mvula itagwa. Anapempha chikhululuko chifukwa cha maganizowo, koma maganizo anabwereranso, ndipo nthawi ina anaona Vailet akuyenda mumsewu wa ku Halale atavala diresi lakuda bii, akuwerenga zikwangwani zonse mokweza.

Lamulungu m'mawa anavundukula mgolo. Ndodo inakola thumba limodzi lokha. Linali lofiirira kwambiri, ngati nthaka yolimidwa kumene. Analitambasula, nalitembenuza. Zilembo kunalibe. Tirigu uja nayenso anali atamira osasiya ngakhale mthunzi.

Ali mkati mofufuza linzake, Teleza anatulukira kuseri kwa nthochi, atavala kale za ku Misa, kanthu kali kukhwapa.

"Achemwali, musandikalipire."

"Thumba lili kuti?"

"Ndi ili. Dzulo nditaweruka masana mtima sunandipatse mpata. Ndinati ndivuule, inu simunanditume, Mulungu wanu ndi mboni. Ndangovuula limodzi, ndikumva nyimbo. Anthu anu aja, ndi akulu a mpingo omwe, akubwera kudzaona wodwala mulayini muno. Ndinati akandipeza pamgolo wanu adzati mwalemba Mkatolika ganyu pa Sabata. Ndinalibisa m'nsalu, liwiro. Linandiwotcha ndi kuzizira mimba yonseyi."

A Idah analandira thumbalo. Linali khaki weniweni, wokongola kuposa aliyense amene anatulukapo mumgolomo. Koma mbali imodzi zilembo zinkaoneka bwinobwino, moti Vailet, amene anali ataima kumbuyo kwa amake, anayamba kuziwerenga ndi milomo.

"Mulungu wanga ndi wanu ndi mmodzi," anatero a Idah. "Kungoti anatipatsa mashifiti osiyana. Pitani ku Misa, mwana mundisiyire."

Kubwezera thumbalo mumgolo sikukanathandiza. Tiyi anali atatha mphamvu, fakitale inali yotseka, ndipo nsalu yonyowanso sikanauma. Anakoleza makala m'simbi, nasita matumba onse awiri mpaka nthunzi inadzaza m'nyumba, makoma n'kuchita thukuta. Anamuyeza Vailet ndi chingwe cha nthochi. Anayala nsalu pamphasa, naziyang'ana nthawi yaitali sizasi ili m'manja. Pa thumba loyezuka, mbali yopanda zilembo inali imodzi yokha, yokwanira kutsogolo, kolala ndi timanja. Zotsala zonse zinayenera kuchokera ku lakuda lija.

Makina analira tsiku lonse. Nthawi imeneyi sitima sinapite ku Halale. Inkangokwera chitunda cha kusukulu, n'kubwerera, n'kukweranso.

Lolemba a Idah anasiya dengu pakhomo, naperekeza mwanayo okha, poti Teleza akanajomba akanataya phoso la mlungu. Nkhungu inali itayamba kung'ambika. Ana anafola pabwalo, aphunzitsi a Peterson akuyenda kutsogolo kwa mzere, manja kumbuyo. Atafika pa Vailet anaima, nayang'ana kolala, nagwedeza mutu mokhutira. Koma ana a mzere wakumbuyo anali atayamba kale kufwenthera m'manja.

"Tatembenuka."

Vailet anatembenuka pang'onopang'ono, maso ali pansi. Kutsogolo kunali m'mawa, kumbuyo kunali madzulo.

Aphunzitsi anamuzungulira, nabwerera pamene anayambira. Anapenya a Idah, amene anali ataima pansi pa mtengo wa bulugamu, manja atapinda pachifuwa.

"Mayi, mwandibweretsera ana awiri. Benchi ndili nayo ya mmodzi. Ndilandire uti?"

"Landirani wakutsogoloyo, aphunzitsi. Wakumbuyo azimutsatira. Akachapidwa kangapo afanana."

"Mukutsimikiza?"

"Tiyi sakhalitsa pamalo amodzi. Yense amene ndamutchola anapita kunja."

A Peterson anawerama, nanunkhiza phewa la diresilo, ndipo pakamwa pawo panagwedezeka ngati pofuna kuseka. Anayang'ananso kumsana, kufuna chilembo ngakhale chimodzi, osachipeza.

"Ukakhale benchi yomalizira, msana kukhoma," anatero kwa Vailet. "Ndikakuitana kubolodi, uzibwera choyang'ana kuno, uzibwerera chafutambuyo. Enanu, amene aseke akasesa bwalo."

Vailet analowa m'kalasi cham'mbali ngati nkhanu, osayang'ana aliyense. Atafika pakhomo anacheuka kamodzi, ndipo a Idah anamukwezera chibwano kuti alowe.

Diresilo silinafanane msanga monga analonjezera. Teleza ankalichapa mosamala kwambiri, kuopa kuti lingathe, ndiye kumbuyo kunkayezuka mwaulesi, mwezi ndi mwezi, kuchoka pa nthaka kufika pa chulu. Vailet anakhala kukhoma chaka chonse, ndipo dzina lake silinachoke pa benchi imeneyo. Akuti masiku a chiperoni, ana akalowa atanyowa, kalasi yonse inkanunkhira tiyi, koma fungo lamphamvu linkachokera kumbuyo kuja, moti aphunzitsi ankakonda kuimirira cha komweko powerengetsa.

Koma izi zinali zam'tsogolo. M'mawa umenewo a Idah anatsika chitunda okha, mochedwa, akudziwa kuti kapitawo awalankhulira mawu. Nkhungu inali itakwera, ndipo minda yonse inaoneka nthawi imodzi, yonyowa, yowala, mpaka kumene fakitale inkafuka utsi. Anatola dengu pakhomo. Podutsa kuseri anapeza tambala uja atakwera pa lata la mgolo, akuwothera kadzuwa.

"Iwe," anamuuza, "Lachisanu likudzali udzayambe wafunsa."

Tambala anawayang'ana ndi diso limodzi. A Idah anakoleka dengu kumsana, nalowa m'mizere.