Nthambi Imene Amayi Anandipatsa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi ananditumiza kumapiri a ku Tingi. Inali nthawi ya Angelezi, ife tikukhala ku Mbamba Bay, kumene abambo anafikira kuchokera ku Nyasaland kudzapha usipa. Nyanja inawatenga ndili wamng'ono, tinatsala awiriwiri. Tsiku lina kunabwera amayi aang'ono a Felista, amene anakwatiwa ndi Mmatengo, munthu wa mtundu wa kumapiriko, wolima khofi, ndipo ndinangouzidwa kuti ndimange kamtolo kanga.

Ndinalira mpaka kugubuduka pamchenga. Amayi sanandidzutse. Anapita kuseri kwa nyumba, nabwera ndi nthambi yonenepa ngati mkono wanga, ataipulula masamba onse, naiika pansi pafupi nane.

"Mkuyu uwu," anatero. "Ukaubzale kumeneko. Tsiku limene udzadye nkhuyu zake, udzabwere kwathu."

Ku Tingi ndinakomana ndi chimene eniake amachitcha baridi. Kunyanja tinkagona osafunda, koma kumeneko chisanu chinkalowa mpaka m'mano. M'mawa nkhungu inkatseka mapiri onse moti ngakhale khola la mbuzi silinkaoneka. Ana a kumeneko ankalankhula Chimatengo, namandiseka pondiona nditapinda manja ngati nkhuku yodwala. Njira yotsikira kunyanja sindinkaidziwa, ndipo amayi aang'ono sankandilola kupita ndekha ngakhale kumtsinje. Ndinene zoona, ndinkawada.

Mtima wanga wonse unapita pa nthambi ija. Ndinaibzala kumbali ya nyumba kumene dzuwa linkayambira kuwomba, kumene mphepo sinkafika. Ndinaithira ndowe za mbuzi, ndinaimangira kampanda. M'miyezi yozizira ndinkaifunditsa udzu madzulo, mwina ndi kansalu kanga komwe, mwini wake n'kumanjenjemera. Itaphuka ndinavina ndekha pabwalo. Chaka chinatha, chachiwiri chinathanso, mtengo unandipitirira msinkhu. Ndinkakumbukira kuti kwathu nkhuyu zinkalendewera m'magulu pathunthu penipeni, choncho m'mawa uliwonse ndinkasisita khungwa kufunafuna kotupa. Sindinkapeza kanthu.

Amene anatopa ndi kundionerera anali abambo aang'ono, amuna awo a amayi aang'ono, munthu wa mawu ochepa, amene Chinyanja chawo chinkatsamira pa Chiswahili. Tsiku lina anathyola tsamba la mtengo wanga, nandiuza kuti ndiwatsate. Tinatsetsereka mpaka kuchigwa chofundirapo, kumene kunali mkuyu umodzi wokha m'mbali mwa madzi. Anathyolanso tsamba pamenepo, nandipatsa onse awiri.

"Shika, gwira. Sisita ndi chala. Ili likumveka bwanji?"

"Lokhakhala."

"Nanga ili lako?"

"Losalala."

"Mkuyu tsamba lake n'lalikulu, lozungulira, lokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Khungwa lake limaoneka lachikasu. Wako uja masamba ake ang'onoang'ono, onyezimira. Pole, pepa mwanangu, uja ndi kachere. Udzabala timbewu todya mbalame basi. Mkuyu wa kunyanja baridi ya pamwamba paja sukanaipirira."

Mwana amadziwa mtengo ndi chipatso chake chokha. Ndinakulira pansi pa mkuyu, koma masamba ake ndinali ndisanawayang'anitsitsepo. Ndinakwera phiri lija chothamanga, ndinapeza amayi aang'ono akusinja.

"Amayi analakwitsa! Anadula mtengo wina! Tiyeni tikatenge nthambi yeniyeni!"

Anatsamiza munsi pamtondo.

"Mayi ako angasokoneze mkuyu ndi kachere? Khala pansi, Agnesi."

Pamenepo m'pamene ndinamva kuti amayi anali ndi khate. Mawanga anayamba kuoneka kumsana, ndipo sing'anga wa ku mishoni anawauza kuti apite kumudzi wa odwala khate, koma mwana asapite nawo. Ananyamuka m'mawa mwake ife titachoka. M'nyumba imene ndinkailota zaka ziwiri zonsezo munkagona anthu ena.

"Ankakudziwa khalidwe lako," anatero amayi aang'ono. "Akanakuuza kuti subwerera, ukanathawa n'kukagwera m'maphompho umu. Anafuna mtengo wogwira msanga, wosafa ndi chisanu, woti uzikusunga pano."

Sindinalire. Ndinatenga chikwanje cha abambo aang'ono n'kukatema kachere uja mpaka manja analema, utomoni woyera uli nda nda m'zala. Palibe anandiletsa. Masiku awiri sindinadye.

Mvula itasiya, amayi aang'ono ananditenga kukaona amayi. Tinayenda ulendo wautali, kutentha kukuwonjezeka pamene tinkatsika, mpaka ndinamvanso fungo la nsomba zoyanika. Kumudzi kuja sanatilole kulowa. Tinaima kunja kwa mpanda wa bango, amayi anaima m'kati, chapatali pang'ono, manja atawabisa m'nsalu. Nkhope yawo inali itasintha, koma mawu anali omwewo. Panjira ndinali nditakonza zambiri zoti ndinene. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chimodzi.

"Munandinamiza."

"Eya, ndinakunamiza," anayankha. "Wakulatu, mwana wanga. Amakufunditsa bwino kumeneko?"

Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda, amayi aang'ono akundiitana kumbuyo. Amayi anamwalira chaka chotsatira, ine ndisanapiteko kachiwiri.

Kwa zaka zambiri ndinkadandaula kuti ananditsekera paphiri lozizira ndi bodza. Lero ndakalamba, ndalera ana anga, ndipo ndikudziwa kuti amene anatsekeredwa anali iwo. Ine ndinachoka pampanda paja ndi miyendo yanga, iwo anatsala pomwepo akundiyang'ana kumsana. Sanapemphe kuti ndiwakhululukire. Anangofunsa kafunso kakang'ono koyankhika ndi liwu limodzi, ndipo ine ndinawamana. Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti yankho ndinali nalo, ndiponso linali labwino. Ankandifunditsa bwino, amayi.