Hatchi za Nyanga za ku Lupembe

Ndili mnyamata ndinkadwala nthenda yodzionetsa kuti ndine wophunzira. Boma litanditumiza ku Karonga kukaphunzitsa Chifalansa pa sekondale ina, nthendayo inakula, chifukwa oti nkundigwira bodza pa chilankhulocho anali ochepa. Zinali zaka zija tinkayenda tsitsi lili lometa bwino, khadi la chipani lili m'thumba la malaya. Ine ndinkawonjezerapo taye, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Ndinakonda namwino wina wa pachipatala, kwawo ku Lupembe. Iyenso anandikonda, koma sanandibisire kanthu. Bambo ake sankawakhulupirira anyamata ochokera kwathu ku Ntcheu, ati timalankhula kokoma kwambiri.

"Adada akakukanani, nanenso ndakukanani," anatero.

Bambowo anali mmisiri wosema mitondo, mipini ndi mipando. Ndinafunafuna chifukwa chokaonekera pakhomo pawo, ndipo ndinachipeza m'kabati ya kusukulu. Munali bolodi la tchesi lomwe hatchi zake zonse zinayi zinasowa kalekale, moti ophunzira ankaikapo zitsekerero za mabotolo. Loweruka lina ndinapalasa njinga mpaka ku Lupembe, ndinafika taye itanyowa ndi thukuta.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Titapatsana moni ndinanena chimene ndadzera, kuti andisemere tizidole tinayi ta hatchi ta pa tchesi. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma pakamwa panandiyabwa.

Ndinawauza kuti kachidole kameneka Angerezi amati knight, ndipo liwu lomweli amatchulira msilikali wakale wovala zitsulo thupi lonse atakwera hatchi, komanso munthu amene mfumu yamukhudza ndi lupanga paphewa pomupatsa ulemu. Ndinapitiriza kuti Afalansa ndi osamala, msilikali ndi wolemekezedwayo amati chevalier, koma wa pa tchesi amati cavalier. Mawu awiriwo ndinawatchula m'mphuno kawirikawiri, kuti ndi nkhuku zomwe zidziwe kuti pabwera munthu.

Mkuluyo sanasiye kusema.

"Yewo, asambizgi," anatero, kutanthauza aphunzitsi. "Sono hatchi imeneyo njotani? Munaionapo?"

"Kambirimbiri," ndinayankha.

Ndinali ndisanaionepo ndi kamodzi komwe, kupatula pa zithunzi za m'mabuku. Ndinawafotokozera kuti ili ngati bulu wodya bwino, wa khosi lalitali. Iwo anagwedeza mutu nkundiuza kuti ndibwerenso pakatha milungu iwiri.

Tsikulo litakwana ndinawapeza pansi pa mango pomwe paja, mwana wawo ali pakhonde akupeta mpunga ndi amayi ake, akuchita ngati sakundidziwa. Mkuluyo anamasula kansanza, natulutsa zidole zinayi, ziwiri za mtengo woyera, ziwiri za wakuda. Zinali zosalala bwino, zosemedwa mwaluso. Zonse zinali ng'ombe. Nyanga zinalipo, linunda lili pamsana, ina mpaka inkaoneka ngati ikubzikula.

"Nanga si zimenezi, asambizgi?"

Phwete linafika pakhosi, ndinalimeza. Ndinaganiza mwachangu kuti ndikanena zoona ndiye kuti ndanyoza ntchito ya manja a munthu amene ndikufuna akhale apongozi anga, pakhomo pawo pomwe, akazi awo akumva.

"Ndi zimenezi ndithu, bambo," ndinatero. "Hatchi zenizeni. Ngakhale ku Falansa sangaseme chonchi."

Pakhonde paja lichero linasiya kulira.

Mkuluyo anadzuka mwakachetechete nkulowa m'nyumba. Potuluka anandiika kanthu m'manja. Kanali kahatchi ka mtengo, khosi lopindika, makutu ali chilili, mphuno zotukumuka ngati kangosiya kuthamanga. Kankaposa zithunzi zonse za m'mabuku anga.

"Ndili mnyamata ndinagwira ntchito pa famu ya mzungu kutsidya kwa mtsinje wa Songwe," anatero. "Zaka zambiri chomene hatchi ndinkazisambitsa, kuzipesa, kuzikolopera khola. Ina inandimenya apa." Anakweza mwendo wa buluku nkundionetsa chipsera pa msongolo.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso moyo wanga wonse. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo ndi njinga yomwe.

"Sono ndithandizeni," anapitiriza. "Mwati hatchi munaiona kambirimbiri. Lero mwaona nyanga, mwati hatchi. Kaya ndinu munthu wa ulemu, kaya ndinu wabodza, ine sindikudziwa. Ndinu uti?"

Ndinafunafuna mawu okoma m'zilankhulo zonse zitatu, koma sanapezeke. Anatsala oona okhaokha.

"Ndine wabodza, bambo. Hatchi sindinaionepo. Za tchesizi ndinangopezerapo njira yofikira pakhomo pano. Ng'ombezi ndaziyamikira chifukwa ndikuopa kuti mukakwiya mundikaniza mwana wanu, ndipo ine ndimamukonda kwambiri."

Amayi aja anatulutsa kamkuwo nkuphimba kumaso ndi chitenje. Mwana wawo anathawira kuseri kwa nyumba, mpunga nkutayikira nkhuku.

Mkuluyo anakhala pansi nkutolanso mpini wake uja.

"Nkhani ngati imeneyo mwini wake sanena yekha," anatero. "Kwanu kulibe akuluakulu? Pitani mukatume thenga, munthu wa mawu ochepa. Akabwera ndidzamumvera."