Masiku Asanu ndi Anayi Pasinki

Inu amene munagwapo pantchito anthu akuona, khalani pansi mumve za mayi wina. Nkhaniyi si yosekera, koma mwina ikudzutsani pomwe mwakhalapo.

Tsiku limene anamuchotsa pabenchi yoyezera magazi linali Lachiwiri m'mawa, anzake onse alipo. Mkulu wa labu anaima pakhomo, pepala lili m'manja, n'kulankhula mosakweza mawu.

"Kuyambira lero simukhudzanso magazi a munthu. Muzikatsuka timachubu kuseriko mpaka komiti idzakhale pansi."

Mayiyu sanali mwana. Mayeso a ntchito ya labu anawalephera kawiri, n'kudzakhoza kachitatu anzake a m'kalasi atakhala kale mabwana. Munkhokwe ya magazi ya chipatalacho anali atagwiramo miyezi isanu ndi iwiri yokha. Ndiye anthu mukuwadziwa: pakagwa tsoka, maso onse amathamangira kwa amene anakhoza mochedwa.

Mlandu wake unali uwu. Kuwodi ya amayi kunagonekedwa telala wina, mayi wa ana awiri, magazi atamuthera. Mayi wathu wa m'labuyu ndi amene anayeza magazi a telalayo n'kumusankhira mapainti awiri. Patangopita masiku atatu, telala anayezukanso, maso ali chikasu, mkodzo uli bii ngati tiyi wopanda mkaka. Magazi onse aja anali ataphwanyikira m'thupi.

Dokotala anayamba waganiza kuti mwina thupi la wodwalayo likudziwonongera lokha magazi. Zimachitika ndithu. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo n'kulimbana ndi matenda, nthawi zina amazungulira mutu n'kumakakamira maselo ofiira a mwini wake mpaka kuwaswa. Pali kuyeza kumene kumawagwira, a m'labu amakutcha DAT. Amatenga maselo a wodwala, kuwatsuka katatu ndi madzi amchere, n'kudonthezapo mankhwala. Ngati asilikaliwo ali pamaselopo, maselo amagwirana timibulu.

Mkulu wa labu anayeza yekha kawiri. Sipanaoneke kam'bulu n'kamodzi komwe.

"Ndiye vuto si thupi la wodwala," anatero. "Wina anasokoneza mayina patimachubu."

Matumba a magazi aja anali atatayidwa kale. Panalibe choti n'kumuyeretsa nacho.

Chipinda chotsukira chinali kumapeto kwa khonde, chopanda mpando, kawindo kali m'mwamba. Munali masinki awiri, mabulashi othothoka ndi fungo la mankhwala loboola m'mphuno. Pofika Lachinayi anali atapatsidwa kale dzina. "ANabotolo, zauma zija?" ankatero anzake posuzumira pakhomo, kenako phwete kuseka akubwerera. Dzinalo linamata, ndipo ifenso timutchula choncho.

Kunyumba sananene kanthu. Mwamuna wake, woyendetsa basi, ankamusitira gawuni loyera m'mawa uliwonse asanapite kudepoti.

"Valani tikuoneni, adokotala athu," ankatero monyadira.

Nabotolo ankavala, kumwetulira, ndipo akangokhota pakona ankalivula n'kulipinda m'chikwama. Kuntchito ankamanga epuloni yapulasitiki.

Masiku asanu ndi anayi anakhala pasinkipo, misozi ikugwera m'thovu la sopo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nayenso anayamba kukhulupirira. Ankati mumtima, munthu wolephera kawiri angalephere bwanji kusokoneza mayina? Anagwa mphwayi, osafunsa kanthu, osayang'ana munthu kumaso. Nthawi yonseyo telala ankangofookerafookera. Anamuika magazi ena osankhidwa ndi anthu ena, nawonso sanakhalitse, koma mkulu wa labu anati n'zotsatira za kulakwitsa koyamba kuja.

Tsiku lakhumi, nthawi yoona odwala masana, Nabotolo anavula epuloni n'kupita kuwodi. Sanapite kukafufuza kanthu. Anapita kukapepesa.

Mwamuna wa telala anali pambali pa bedi akupukuta mkazi wake kumaso. Nabotolo atangonena kuti wachokera kunkhokwe ya magazi, bamboyo anadzambatuka.

"Ndinu amene? Ndiye mwabwera kudzamaliza?"

"Bambo a ana, asiyeni," anatero telala ndi mawu otsika kwambiri. "Khalani apa, achemwali."

Nabotolo anagwada pambali pa bedi. Mawu opepesa anali asanamalize kutuluka pamene wodwalayo anapukusa mutu.

"Ine sindidziwa za magazi anuwo. Koma maso awa anayamba chikasu ndili kunyumba. Ndinkasoka diresi laukwati, mwini wake n'kundifunsa kuti, amayi, maso anuwo bwanji? Panapita milungu iwiri ndisanabwere kuno."

"Adokotala munawauza zimenezi?"

"Tsiku lobwera ndinali chikomokere. Chitsitsimukireni, aliyense amangondifunsa za magazi anandiika aja."

Nabotolo anatuluka m'wodimo akusinkhasinkha. Ngati chikasu chinayamba magazi asanaikidwe, ndiye kuti maselo ankasweka kalekale, ndipo dokotala anaganiza bwino poyamba paja. Nanga n'chifukwa chiyani kuyeza kuja sikunaonetse kanthu?

Yankho analipeza pasinki pomwepo. Timachubu timabwera kotsukira tili ndi timapepala ta mayina tomatidwa. Ukativiika m'madzi ofunda, timapepalato timamatuka tokha n'kumayandama. M'madzi ozizira timakakamira, mpaka ukande ndi chikhadabo. Anaima nji, kapepala konyowa kali pachala, ndipo tsamba lina la buku la kusukulu linamubwerera m'mutu.

Bukulo analiwerenga zaka zitatu. Amene anakhoza ulendo umodzi anawerenga mitu ikuluikulu n'kulitseka, koma iye, chifukwa chobwereza, anafika poloweza ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba. Pamenepo panalembedwa kuti asilikali ena amagwira maselo mofooka. Ukatsuka maselowo ndi madzi amchere osazizira, amamasuka n'kutayikira limodzi ndi madziwo, iwe n'kulemba kuti palibe kanthu. Otere amafuna madzi ochokera m'filiji, zipangizo zozizira ndi manja achangu. Ndipo m'labu mwawo, botolo la madzi amchere linkakhala pawindo, pomwe dzuwa limawomba kuyambira m'mawa.

Madzulo a tsikulo anamuuza mwamuna wake zonse. Bamboyo anayang'ana simbi yake yositira.

"Ndiye gawuni ndakhala ndikusita lija limakagwira ntchito m'chikwama?" anafunsa. Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Mawa mukawauze. Akakukanizani, mupitenso mkuja."

M'mawa anagogoda kuofesi ya mkulu wa labu n'kufotokoza, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Mwazitenga kuti zimenezi?"

"M'buku, bwana."

"Buku munalilephera kawiri lija? Pitani mukatsuke."

Anapitanso tsiku lotsatira, bukulo lili m'manja, tsamba atalipinda. Mkuluyo sanaliyang'ane n'komwe. Anati labu ili ndi njira zake zolembedwa, ndipo sangasinthe chifukwa cha munthu amene akufuna kuzemba mlandu. Mawu amenewo anamulasa, chifukwa za mlandu anali atasiya kuziganiza. Ankangoona nkhope ya telala ija.

Tsiku lachitatu anakaima pakhonde la wodi kudikira dokotala. Anaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, manesi akumudutsa ndi kumuyang'ana cham'mbali. Dokotala atatuluka, anamuuza za diresi laukwati ndi za madzi ozizira.

"Mukutsimikiza kuti tiwapeza?" anafunsa dokotala.

"Sindikutsimikiza, adokotala. Koma sitinayesepo, ndipo mayi aja akupita."

Dokotala analemba fomu pomwepo n'kupita nayo yekha kulabu. Mkulu uja sakanakana, koma anaika lamulo lake.

"Manja anu asakhudze kanthu. Ndiyeza ine, inu muzingonena."

Nabotolo anavomera. Anawauza kuti aike m'filiji madzi amchere, timachubu, ngakhale timakapu ta makina ozunguza magazi. Anati pakhale kachubu kena ka maselo a munthu wabwinobwino, kuti wina asadzati kuzizira ndiko kwanamiza. Anzake aja anasiya ntchito n'kuzungulira benchi, ena akukodolana.

Mkuluyo anatsuka maselo katatu mofulumira, anadontheza mankhwala, anazunguza, kenako anakweza timachubu tiwiri kuwindo n'kutigwedeza pang'ono. Ka munthu wabwino kanasungunuka bwinobwino. Ka telala munali timibulu tofiira ngati mchenga, toonekera ngakhale kwa amene anaima pakhomo.

Mkuluyo anabwerezanso, ndipo zinatuluka chimodzimodzi.

"Itanani adokotala," anatero, maso ali pansi.

Masana omwewo telala anayamba kulandira mankhwala ofooketsa asilikali osokonezeka aja. Patapita masiku awiri, magazi ake anasiya kutsika. Tsiku lachitatu anadzuka n'kukhala tsonga, n'kufunsa ngati diresi lija mwini wake anadzalitenga.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma mtima ndi impso za mayiyo zinali zitatopa ndi milungu yonse ija ya magazi ochepa. Tsiku lachisanu m'mawa, telala anamwalira.

Nabotolo anamva ali pabenchi yake, pomwe anali atabwezedwa popanda mawu opepesa. Komiti sinakhalenso pansi. Anangopeza kapepala kakuti nkhani yatha. Dzina lake linayera, koma iye sanamve kukoma kulikonse.

Patapita mlungu, mwamuna wa telala anafika pawindo lolandirira magazi, chipewa chili m'manja.

"Adokotala andifotokozera," anatero. "Akuti magazi anu aja analibe vuto. Ndinakulalatirani pachabe, mayi. Mundikhululukire."

"Musapepese, bambo. Ine ndi amene ndinachedwa."

"Munachedwa bwanji, poti ndinu nokha munabwera kudzamufunsa?"

"Ndinabwera tsiku lakhumi," anayankha Nabotolo, misozi ili mbwembwembwe. "Masiku asanu ndi anayi ndinali kuseri uko, kudzilirira ndekha."

Palibe dokotala amene angalumbire kuti masiku amenewo akanamupulumutsa telala. Palibenso amene angalumbire kuti sakanamupulumutsa. Nabotolo amakhala nalo funso limeneli, ndipo madzi akatayika saoleka.

Koma sanabwererenso kokhala chete. Analemba njira ija mwadongosolo, tsamba limodzi, n'kuikakamira mpaka inalowa m'buku la malamulo a labu. Botolo la madzi amchere linachoka pawindo. Anapempha kuti apite kukaphunzira njira zina zogwirira asilikali obisala, anamukaniza kawiri, kachitatu anamulola. Chaka chotsatira kunagonekedwa mphunzitsi wina, maso achikasu, kuyeza kwa masiku onse kukuti palibe kanthu. Anamuyeza ndi madzi ozizira tsiku lomwelo, ndipo patatha milungu itatu anatuluka m'chipatala akuyenda yekha. Pambuyo pake panabwera enanso.

Patapita zaka, nkhokwe ya magazi ija inakhala m'manja mwake. Ophunzira akafika, amawauza lamulo limodzi asanakhudze kachubu: pepala likati palibe kanthu koma wodwala akunka nafooka, nyamukani mukamuone, mukamufunse, mubwere mudzayezenso mwanjira ina. Akamufunsa kuti lamuloli analitenga kuti, amangoti anamuphunzitsa ndi telala wina.

Inu amene mwakhala pansi lero chifukwa anakunyozani, kapena munalephera, kapena anakusenzetsani mlandu wosakhala wanu, lirani ndithu, kulira si tchimo. Koma musachedwe nako. Manyazi anu akhoza kudikira, pomwe munthu amene akufunika zimene mukudziwazo mwina sangathe kudikira. Osataya mtima, ndipo ngati mwautaya kale, utoleni lero lomwe, musadikire tsiku lakhumi.