Mpango Umene Sindinavule

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinachititsa bambo anga manyazi pamaso pa anthu a ku Chilomoni, ndipo ndinachita zimenezo osatsegula pakamwa.

Bambo, a Fabiyano, anali kalipentala, koma dzina limene linkawakomera m'khutu linali lakuti a Khansala. Ukhansalawo anaupeza kawiri konse nthawi ya chipani chimodzi, popanda wopikisana nawo. Akuluakulu ankangolowa m'chipinda, n'kutulukamo ndi dzina, anthu n'kuwomba m'manja. Bambo ankati kumeneko ndiko kukondedwa. Masiku amenewo ankaima pachipata cha msika ndi anyamata a chipani kufunsa makadi, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake pamutu, kaya tomato awola, kaya ana agona ndi njala, izo sizinali zawo.

Matipate atabwera, makhonsolo anathetsedwa, ndipo wailesi inalonjeza kuti posachedwa tisankha makhansala atsopano. Bambo sanachedwe. Malaya a chipani chakale anawapinda n'kuwaika pansi penipeni pa sutikesi, n'kukasoketsa ena a chipani chimene chinali m'fasho kwathuko. Koma tsopano dzina silinkatulukanso m'chipinda. Wofuna kuimira chipani ankayenera kudutsa kaye mapulaimale, ndipo mapulaimale ake analibe chinsinsi. Opikisana ankaima kutsogolo atafulatira anthu, aliyense n'kukandanda kumbuyo kwa amene akumufuna, kenako akuluakulu n'kuwerenga mitu. Wopikisana sankaloledwa kucheuka mpaka wenzulo italira.

Wopikisana ndi bambo anali a Jonasi, mwamuna wachinyamata wowotcherera mageti ku Chirimba. Bambo ankangowatchula kuti kamwana ka dzulo.

Miyezi iwiri ya kampeni pakhomo pathu panasanduka pamsika. Amayi ankaphika thobwa m'diramu, ndipo linkatha dzuwa lisanapendeke. Anthu ankabwera ndi mipando yothyoka, zitseko zokana kutseka, bambo n'kumakhoma ulere thukuta lili kamukamu. Aliyense pochoka ankasiya mawu omwewo: a Khansala, kuno kulibenso wina. Ine ndinkatsuka makapu n'kumakhulupirira.

Ntchito yanga ina inali yotunga madzi pa mpope wa kumtunda kwathu. Tsiku lina m'mawa ndinawerama kuseri kwa kakhoma ka mpopewo kukwecha ndowa, ndipo azimayi amene anali pamzere sanandione. Ankalankhula anali amake Lusiya, ogulitsa tomato, amene sankaphonya thobwa lathu ngakhale tsiku limodzi.

"Poyamba tonse tikandande kumbuyo kwawo," iwo anatero, "tiimbe mokweza kuti amve kukoma. Ikatsala pang'ono nthawi yowerenga, tizisamukira kwa a Jonasi mmodzimmodzi, nyimbo osaisiya. Nawonso adziwe mmene zimawawira kubwezedwa anthu akuona."

Anzawo anaseka chikhakhali, wina n'kuwonjeza kuti ngakhale amuna awo avomera kale. Ndinasenza ndowa yosadzaza n'kutsetsereka chothamanga, mtima uli m'malere. Ndinkaganiza kuti ndanyamula chinthu chimene bambo adzandiyamikire moyo wawo wonse. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi.

Kupusa kwanga kunali kwakuti ndinanena pagulu. Ndinawapeza bambo m'shedi yawo ali ndi amuna awiri a m'komiti yawo ya kampeni, ndipo ndinakhuthula zonse ndili wefuwefu, ndi dzina la amake Lusiya lomwe. Amuna aja anayang'anana, mmodzi n'kukhosomola. Bambo sanandifunse funso ngakhale limodzi. Anatola kathabwa kotsala pa benchi, kaja kokhala ndi m'mphepete mwakuthwa, n'kundigwira dzanja. Anandimenya m'miyendo ndi kumatako mpaka kathabwako kanang'aluka, akunena kuti mwana wamkazi wonyamula miseche ya pampope ndi amene amapasula mudzi. Fungo la utuchi wa mkungudza mpaka lero limandikumbutsa pansi pa shedi ija, pamene ndinagwa chafufumimba.

Sizinathere pomwepo. Masana anandikoka kupita nane kumsika, kumene anandigwaditsa pafumbi patsogolo pa benchi ya amake Lusiya kuti ndipepese. Mayiwo anandisisita kumutu, n'kunena mokoma kuti ana a masiku ano amamva ndi maso, ndipo anandipatsa tomato mmodzi kuti ndikadye ndi mchere. Tomato ameneyo ndinamuponya m'ngalande. Kunyumba amayi anandithowa ndi madzi ofunda, osanena kuti ndinalakwa kapena ayi. Anangoti bambo ako suwadziwa kodi, amauzidwa zokoma zokhazokha.

Patapita masiku anayi linafika tsiku la mapulaimale. Zilonda zinali zisanapole, moti kusukulu ndinkakhalira mbali imodzi. M'mawa bambo anandiitanira kushedi, atavala kale suti yawo yabulauni ya m'masiku a ukhansala. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa m'thumba mpango wofiira wa amayi.

"Agata, uvale uwu," anatero motsitsa mawu. "Ukaime pakhonde la kalasi, pamene ndizikuona bwinobwino. Mzere wanga ukakhala wautali, mpango ukhale kumutu. Ukaona kuti zavuta, uvule. Ine ndikweza dzanja n'kunena kuti ndawasiyira achinyamata, tichokepo ndi ulemu wathu."

Ndinalandira ndi manja awiri monga mwana woleredwa. Kani anandikhulupirira. Kani pamene ankandimenya, pamene ankandigwaditsa pamsika, ankadziwa kuti mwina ndikunena zoona. Ndinadikira kuti anene kanthu kena, ngakhale kungofunsa za miyendo yanga, koma iwo anayamba kupukuta nsapato.

Mapulaimale anachitikira pabwalo la mpira la sukulu ina ya kwathuko. Dzuwa linali loswa mtengo, fumbi lili koboo. Bambo ndi a Jonasi anaimikidwa moyandikana, motalikirana mapazi owerengeka okha, onse atayang'ana kumakalasi. Ine ndinakwera pakhonde, mpango uli kumutu, ndipo maso a bambo anandipeza nthawi yomweyo.

Mzere wawo unayamba bwino zedi. Unadutsa pakati pa bwalo mpaka kukafika kugolo la kutsidya, azimayi akuvina, amuna akuwomba m'manja, nyimbo yotamanda a Khansala ili pakamwa. Kumbuyo kwa a Jonasi kunali anyamata ochepa a ku Chirimba okhala ngati asochera. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti mwina ndinamvadi molakwa, ndipo ndinamenyedwa moyenera.

Kenako amake Lusiya, amene anali chakutsogolo, anaponda mapazi atatu kumanzere akuvinabe, n'kukhala mumzere wa a Jonasi. Anatsatira mayi wina, kenako mwamuna wake, kenako mmodzi wa amuna a m'komiti aja. Ankachoka mwaulemu, mmodzimmodzi, ngati anthu opita kukapereka chopereka kutchalitchi. Popeza mizere inali yoyandikana, nyimbo sinasinthe malo, ndipo ankaimbabe dzina la bambo. Amayi, amene anali kumbuyo kwenikweni kwa amuna awo, anaona zonse. Anangozyolika, chifukwa nawonso anali ataphunzira kale zoyenera kunena ndi zosayenera.

Bambo ankandiyang'ana ine basi. Nthawi inalipo yokwanira, akuluakulu owerenga anali akadakangana za cholembera. Ndinakweza manja onse awiri kupita kumutu, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa, dzanja lawo lamanja likuyamba kunyamuka. Zala zanga zinagwira mfundo ya mpango. Ndinaimva miyendo yanga ikunyerenyetsa m'zilonda muja. Ndiye ndinakoka mfundoyo n'kuimangitsa, ndipo ndinawamwetulira.

Bambo anatsitsa dzanja. Anakonza kolala ya jekete, natukula chifuwa, n'kuyang'ana a Jonasi cham'mbali mowamvera chisoni.

Wenzulo italira bambo anatembenuka manja onse ali m'mwamba. Kumbuyo kwawo kunali anthu atatu: amayi, malume anga, ndi gogo wina wogontha amene palibe anavutika kumufotokozera pangano. Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Ena anagwa pansi, ena ankamenya anzawo pamsana, ndipo mawu a mwamuna wina anamveka pamwamba pa onse akufunsa kuti, "Khadi ili kuti, a Khansala?" Manja a bambo anakhalabe m'mwamba nthawi yaitali, ngati aiwala katsitsidwe kake. Wowerenga, pofuna kuti malamulo atsatidwe, anabwera ndi pepala lake n'kuwerenga mokweza, akugwira aliyense paphewa: wani, thuu, filii. Gogo uja ankamwetulira, poganiza kuti zatheka.

Ndikanena kuti ndinamva chisoni pamenepo ndinama. Ndinamva kukoma, kukoma kwenikweni, ndipo kunatha msanga ngati shuga wa pa lilime.

Tinabwerera kunyumba wapansi, bambo patsogolo, ana a anthu akutitsatira ndi nyimbo ija mpaka malume anawathamangitsa ndi miyala. Ndinkadziwa kuti kathabwa kena kakundidikira, ndipo ndinali wokonzeka. Bambo analowa m'shedi n'kukhala pa benchi, suti ili m'thupi. Patapita nthawi anandiitana.

"Agata, unkaona?"

"Ndinkaona, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndikabweze mpango kwa amayi. Kunali kutha kwa nkhani. Kuchokera tsiku limenelo sanandimenyenso, koma sanandifunsenso kanthu, ngakhale nthawi kapena mtengo wa misomali. Fizi ankalipira, nsapato ankagula, moni ankayankha. Chinthu chikafuna maso a munthu, ankatuma mng'ono wanga. Tinakhala choncho mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda, ine ndili kale pabanja.

Choseketsa n'chakuti chisankho cha makhansala chija sichinachitike chaka chimenecho, ngakhale chotsatira chake. Ankangoti chikubwera, chikubwera, mpaka a Jonasi anatopa n'kubwerera ku mageti awo. Pamene chinadzachitika, mayina anali ena, ndipo anthu ambiri kwathuko sanadzivute n'komwe kukavota. Mpando umene bambo anavulira ulemu wawo pabwalo lija panthawiyo kunalibe.

Zaka zambiri ndinkauza amayi, ndi ine ndemwe, kuti ndinachita mantha, kuti mwana womenyedwa chifukwa cha choona sangachinenenso kachiwiri. Bodza limenelo n'lokoma chifukwa theka lake n'loona. Bambo analidi atatiphunzitsa tonse kuwanamiza, ndipo anakolola zimene anafesa. Koma ine sindinaope. Ndinafuna kuti amve kuwawa anthu akuona, monga ndinamvera ine pamsika.

Chimene ndachimvetsa mochedwa, nditalera ana anga ndi kuwalakwira kangapo, n'chakuti pali anthu amene pakamwa pawo sipatha kunena kuti pepa. Amabwera ndi kanthu kena m'manja, kantchito, kachinsinsi, n'kuyembekeza kuti uzindikira. Bambo m'mawa uja anali atazunguliridwa ndi mkazi, mlamu ndi komiti yonse, koma msana wawo anausungitsa kwa mwana amene anamumenya. Anthu a ku Chilomoni anawamana voti, ndipo umenewo unali ufulu wawo, anaudikira zaka zambiri. Ine sanandipemphe voti. Anandipempha kuti ndiwauze zoona kamodzi kokha, nthawi imene anali okonzeka kumva, ndipo ndinawamana.