Sitima Sanatsamwe Chitsononkho

"Musandiuze za mizimu ine. Bizwell waphedwa ndi fomu!" Ndinatero pamaliro ake mu 1978, akuluakulu akundikoka malaya kuti ndikhale pansi, poti masiku ano pakamwa pamakweza munthu Landirova ya apolisi.

Bizwell anali mnzanga, woyendetsa ngolo ku Biriwiri. Kabichi amene munkagula pamsewu paja ankatsika phiri pangolo yake. Ng'ombe zake, Sitima ndi Bandawe, ankazikonda moti mkazi wake Zelesi ankati, "Pakhomo pano ine ndine wachitatu."

Tsiku lina Sitima anasiya kudya, dovu lili chuchuchu, kulira kwake kosasa. Kwathu ng'ombe ikatero timati yatsamwa chitsononkho. Bizwell anapinda malaya n'kupisa dzanja kukhosi mpaka m'chigongono. Sanapezemo kanthu, anangotulukamo ndi mabala a mano. Patatha masiku atatu Sitima anafa.

A Kizito, amene amasambitsa ng'ombe kudipi, atamva anagwira mutu. "Chimenecho ndi chiwewe. Ng'ombe ikalumidwa ndi nkhandwe imachitenga, ndipo chimakhala m'malovu. Thamangani mukabayitse jekeseni."

Ndinamuperekeza ndine kuchipatala. Kalaliki wapawindo sanadzutse n'komwe mutu.

"Galu wakulumaniyo ali kuti?"

"Si galu, bwana, ndi ng'ombe."

"Fomuyi ikuti galu. Za ng'ombe pitani kwa a ziweto."

A ziweto nawo anati, "Ife timaona nyama, inu ndinu munthu. Bwererani komweko."

Ine ndinayamba kutukwana, koma Bizwell anandigwira mkono, navula chipewa. "Zikomo, bwana." Munthu ameneyu ulemu unamuchulukira. Tinabwerera kumudzi, iye n'kukabwereka ng'ombe yoti ikoke ndi Bandawe.

Itatha miyezi iwiri Bizwell anayamba kulira ludzu, koma Zelesi akabwera ndi chikho, kukhosi kunkatseka, thupi lonse njenjenje. Mutu utabwerako pang'ono anandiitana.

"Achimwene, tengani zingwe za ngolo mundimange. Mumange zolimba, ana ali pafupi."

Ndinamumanga ndi manja angawa, mfundo zomwe anandiphunzitsa yekha. Anakhala choncho masiku awiri, n'kumwalira.

Kachilomboko sikanafunse kuti uyu ndi galu, uyu ndi ng'ombe, uyu ndi bambo wa ana anayi. Amene anafunsa ndi kalaliki uja, ndipo akadali pawindo pomwe paja. Kaya mukandinenere kwa a chipani, kandinenereni. Koma iyeyo abwere kuno ndi fomu yakeyo, aime pamaso pa Zelesi, ayankhe kuti jekeseni ija ankasungira yani.