Poto wofiira m'chitsime cha ku dimba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinagwetsera poto wa amayi aakulu m'chitsime. Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa iwowo ku Katete, chifukwa kwathu ku Vubwi sukulu inali kutali kwambiri, ndipo atsikana a m'mudzi mwathu ankangolekera panjira. Mayi anga anachita kupempha akulu awowo kuti andisunge ndiphunzire.

Potoyo sanali poto wamba. Anali wachitsulo, wopakidwa utoto wofiira wonyezimira, mphatso yomwe mayi awo anawapatsa pa ukwati. Ankaphikiramo nkhuku basi, abusa akabwera. Loweruka lina anandituma kukamutsuka ku dimba, kumene kunali chitsime chachikulu, chakuya ngati anthu atatu ataimirirana pamapewa, madzi ake obiriwira ndi ndere. Ine ndi ulesi wanga, m'malo motunga ndi ndowa, ndinawerama n'kutungira potoyo. Manja anali a sopo. Poto anandipulumuka, n'kumira ine ndikuona.

Nditawauza, amayi aakulu anabwera, anagwada, anasuzumira nthawi yaitali. Dzuwa linali pamutu ndipo pansi pankaoneka pang'ono. Atadzuka anasasa fumbi pachitenje.

"Mulibe chofiira muno. Miyala yokhayokha."

Masiku amenewo ogula zitsulo zakale ankazungulira m'makomo, ndipo ana ena ankawapatsa ziwiya za makolo awo posinthana ndi maswiti. Komanso ndisabise, ndinali nditawanamizapo kale amayi aakulu pa nkhani ya shuga. Ndiye anangoti, "Mwana wakuba, wabodza, ine sindisunga. Lolemba ukwera minibasi, ubwerere kwa amako." Yunifomu yanga anaiyanula okha pachingwe, n'kuiponya m'thumba pamodzi ndi makope. Ndinalira mpaka mutu unawawa. Ndinkadziwa kuti ndikafika ku Vubwi, za sukulu zathera pomwepo.

Amuna awo, bambo aakulu a Sakala, anali ojambula zithunzi pafupi ndi msika, munthu wosalankhulalankhula. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi anatiitana tonse awiri, ine ndi amayi aakulu, ku dimba. Anathyola phwetekere wakupsa, anamumangirira ku mwala ndi chingwe, n'kuyamba kumutsitsa pang'onopang'ono. Pamwamba anali wofiira psuu. Atatsikako anasanduka wakhofi. Pofika pansi anali kanthu kakuda, kosasiyana ndi miyala.

"Madzi amadya zofiira poyamba," anatero. "Zobiriwira ndiye zimatsala."

Amayi aakulu anapinda manja. "Phwetekere si poto, a Sakala."

Bambo aakulu anatsegula chola chawo. Anatulutsamo kamera yaing'ono ndi botolo lagalasi la pakamwa papakulu, lija amagulitsiramo maswiti m'magolosale. Anaika kamera m'menemo itayang'ana pansi, anaiyatsa kuti izijambula vidiyo, anatseka n'kuzengereza mphira wa chubu cha njinga pachivundikiro, kenako anamangirira miyala kuti botolo limire. Imeneyo inali kamera yodyetsa banja lonse. Dontho limodzi likanalowa, ntchito yawo ikanathera m'chitsimemo. Ndinagwira chingwe, tinatsitsa botolo m'madzi.

Ulendo woyamba tinaona zobiriwira zokhazokha ndi timabulunga takuda. Ulendo wachiwiri anamata kapepala kofiira ka pulasitiki, kokulungira maswiti, pa diso la kamera. Anati kapepalako kamachepetsa kubiriwira kuti zofiira zochepa zotsalazo zioneke. Zoonadi, mtundu wa miyala unayamba kusiyana ndi wa matope, koma chithunzi chinada kwambiri. Kapepala sikabweza zomwe madzi adya kale, anatero, pakufunika kuwala kwina.

Anaika tochi m'botolo lina, ndipo anandiuza kuti ndikonze kamera, ndichotse kapepala kaja, iwo akumanga botololo. Ine phuma! Ndinaganiza kuti kapepala ndi tochi zikaphatikizana ndiye poto aoneka kawiri, choncho ndinakasiya dala. Titavuula, aa, chilichonse chinali chofiira: miyala, matope, ngakhale chule amene anadutsa. Komanso zinyalala za m'madzi zinkanyezimira pamaso pa kamera ngati mungu wa chimanga.

Amayi aakulu anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Ee, lero miyala yonse yasanduka mapoto! Ndi mwana uyu, mudzaona zambiri."

Ndinali nditadziwonongera ndekha mlandu. Bambo aakulu sanandikalipire. Anamatula kapepala kaja n'kundipatsa m'manja.

"Dailesi, aka n'kothandiza dzuwa. Tochi imapita ndi zofiira zake. Ukafuna kwambiri kuti chinthu chioneke chofiira, palibe amene adzakukhulupirire."

Kenako anamangirira botolo la tochi kunsonga ya kamtengo, kuti liziunikira cha m'mbali, osati pafupi ndi diso la kamera, zinyalala zija zisamawale. Anatsitsa mpaka pafupi ndi pansi penipeni, n'kuzunguliza chingwe modekha. Titavuula tinaunjikana atatu pa kagalasi ka kamera, titaphimba mitu ndi chitenje kuti dzuwa lisatisokoneze. Miyala inaoneka yotuwa. Matope akhofi. Kenako, cha kukhoma, chinthu chogona chammbali, chofiira psuu, chogwirira chake chili m'mwamba.

Bambo aakulu anapinda waya kunsonga ya nsungwi yaitali, ndipo atayesa kangapo anakola chogwiriracho. Poto anatuluka akusintha mtundu ngati phwetekere uja, koma mobwerera, mpaka anafika m'manja mwa mwini wake. Anali atasupuka utoto pang'ono m'mphepete.

Amayi aakulu sanandipepese, si anthu opepesa mwana. Titafika kunyumba anamasula thumba langa, anatulutsa yunifomu ija, anakoleza makala, n'kuisita okha. Lolemba ndinapita ku sukulu.

Kwa zaka zambiri ndinkawasungira mangawa, ndikuti anandinenera bodza. Pano ndikuona kuti nawonso sananame. Anasuzumiradi, ndipo chofiira munalibedi m'maso mwawo. Ndipo ine, amene ndinkanena zoona, ndinatsala pang'ono kudzigwetsa ndekha pofuna kukometsera zoonazo.

Lero ndine mphunzitsi ku Sinda. Mwana akabwera akulira kuti sanabe, ndipo anzake onse akulumbira kuti aona, sindithamangira chilango. Ndimayamba ndafunsa kuti anaonera pati, ndipo anali patali bwanji. Poto uja ali kwanga. Amayi aakulu anandipatsa pa ukwati wanga, ndipo pondipatsira anagwira ndi chala pamalo posupuka paja.

"Uzitunga ndi ndowa," anatero, maso ali pansi.