Loweruka Lomwe Anamukhazika pa Benchi

Ababa anabwera ku Nairobi kudzachotsa ng'ala m'maso. Zoti angadzaonerenso mwana wawo akusewera basiketibolo sanazitchule, ndipo ife sitinawafunse, chifukwa nkhani ya mpira umenewu m'banja mwathu tinali titazolowera kuilambalala.

Ine ndine woyamba kubadwa. Ndimagwira ntchito kubungwe lina lothandiza anthu, ndipo ndimakhala ku Syokimau, komwe ukamayankhula pa foni umayenera kudikira kaye kuti ndege idutse. Mlongo wanga ndi mzime, ndipo ndi wamtali mopanda ulemu. Kwathu ku Mulanje kulibe wamtali. Amayi ankati anatengera amalume awo ena, koma amalumewo palibe anawaonapo. Mpirawu anauyamba ku sekondale, anapitiriza ku koleji, kenako timu ya kampani ina kuno ku Kenya inamutenga kuti azisewera pa malipiro. Ankakhala ku Pangani, m'kanyumba ka m'mwamba, pamodzi ndi anzake awiri a pa timu, ndipo onse atatu ankawerama polowa pakhomo.

Ababa ankautcha mpirawu ntchembere mbaye ya amuna. Iwo anayendetsa lole pa esiteti ya tiyi mpaka kupuma, ndipo kwa iwo ntchito chinali chinthu chomwe munthu amalawirira atavala malaya a kolala. Kuvala kabudula n'kumathamangitsana ndi anzako sinali ntchito. Anthu kutchalitchi akawafunsa kuti mnyamata uja akuchita chiyani ku Kenya, ankayankha kuti ali kwa mlongo wake.

Anali asanamuonerepo akusewera ngakhale kamodzi. Poyamba kunali kukana chabe, pambuyo pake anali maso. Mlongo wanga ankawatumizira mavidiyo pa foni, iwo n'kuiyandikiza foniyo pamphuno, n'kuibweza kwa amayi akuti akungoona utsi. Mnyamatayo sankadandaula, koma sanasiye kutumiza.

Opaleshoni inachitikira pa chipatala china ku Parklands, diso limodzi kaye, linalo patapita masiku. Atawachotsa bandeji lomaliza anaphethira, anayang'ana dokotala, anayang'ana khoma, kenako anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti anena zinthu zogwira mtima.

"Wakalamba iwe," anatero.

Pobwerera kunyumba anawerenga mokweza zikwangwani zonse za m'mbali mwa msewu, za matayala, za masukulu, za mankhwala a makoswe, woyendetsa takisi akuwavomera chimodzichimodzi.

Lachinayi tikudya chakudya chamadzulo, anafunsa osandiyang'ana:

"Mnyamata uja amathamanga liti?"

"Loweruka masana, ababa."

"Ndege yanga ndi Lolemba."

"Eya."

"Ndiye tikaone."

Ndinapita kukhitchini n'kuimbira mlongo wanga. Ndinamuuza zomwe ababa ananena.

"Asisi, mukunena zoona?"

"Ndinakunamizapo liti?"

"Anena okha? Simunawakakamize?"

Ndinamuuza kuti ababa athu akanakhala okakamizika bwenzi tonse tili ndi moyo wina. Mawa lake anakameta tsitsi, n'kunditumizira chithunzi kufunsa ngati kametedweko sikawakwiyitsa.

Loweruka ababa anavala jekete, tayi, chipewa ndi magalasi akuda omwe anawapatsa kuchipatala. Tinafika mofulumira kwambiri, moti tinaonera kaye masewero a matimu a atsikana. Holo inali yotentha, yonunkhira thukuta ndi chimanga chophulika, ndipo anyamata ena ankaimba ng'oma pakona. Ababa anakhala chowongoka, manja ali pamawondo, ngati ali pa mlandu wa munthu wina.

Kenako timu ya mlongo wanga inatuluka ikuthamanga, anthu akukuwa. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, koma sindinamuone. Anatuluka pomaliza, akuyenda, atavala jinzi, malaya oyera ndi masilipasi, n'kukakhala kumapeto kwa benchi. Foni yanga inanjenjemera. Uthenga unali wake: "Andipumitsa. Kochi wandiuza pompano. Ndachonderera, wakana."

Zimenezi zimachitika, ndipo aliyense m'holomo ankazidziwa kupatula ababa. Nyengo ya masewero ndi yaitali, ndipo masewero ofunika, olimbirana chikho, amabwera kumapeto. Ndiye timu ikamakumana ndi ina yofooka, kochi amachotsa wosewera wake wodalirika n'kumukhazika pansi kuti mawondo asaperepeseke pachabe. Akuti matimu akuluakulu a ku Amereka ndi omwe anayambitsa, ndipo nako anthu amadandaula, chifukwa munthu amachoka kutali kudzaona katswiri n'kumupeza atavala malaya a kuukwati. Tsiku limenelo ankasewera ndi timu ya kumunsi kwenikweni. Ine ndinali nditaziwerengapo zonsezi, ndinkazimvetsa, ndipo ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha.

"Uja ali apoyo si iyeyo?" anafunsa ababa.

"Ndi yemweyo. Lero amupumitsa."

"Watopa ndi chiyani?"

"Sanatope. Akumusungira masewero akuluakulu."

"Akudwala?"

"Ayi."

Anavula magalasi akuda aja, ngakhale dokotala anawaletsa, n'kumuyang'anitsitsa.

"Walakwa chiyani?"

Ndinafotokoza kawiri, kachiwiriko mokweza mawu, ngati vuto linali makutu. Sizinalowe. Pa esiteti paja, dalaivala akakhala ndi mlandu ankamulanda makiyi n'kumukhazika pa benchi ya panja pa ofesi tsiku lonse, malole akutuluka ndi kulowa pamaso pake, anzake akumudutsa ngati sakumudziwa. Ababa benchi ankaidziwa choncho basi. Munthu wabwinobwino, wodya bwino, kumukhazika pansi atavala zovala za kunyumba anzake ali pa ntchito, anthu onse akuona, kwa iwo tanthauzo linali limodzi.

Masewero anayamba. Mpira unkapita uku ndi uku, ng'oma zikulira, koma ababa sanautsatire ngakhale pang'ono. Maso awo atsopanowo anali pa benchi. Mlongo wanga ankaomba m'manja anzake akagoletsa, ankapatsira matawulo, ankaimirira n'kukhalanso. Kumbali kwathu sanayang'aneko.

Itakwana nthawi yopumira pakati pa masewero, ndinatsika kukagula madzi. Ndikubwerera ndinamva mlonda akukuwira munthu wachikulire m'Chiswahili kuti, "Mzee! Mzee!" Ababa anali pakati pa bwalo, akudutsa molunjika ndi nsapato zawo zachikopa, go, go, go, pa matabwa omwe anthu amaletsedwa kupondapo ndi nsapato zotero. Ndinathamanga ndi mabotolo m'manja, koma anali atafika kale.

Kochi anali bambo wamfupi wa dazi, yemwe mutu wake unkalekeza pachifuwa cha osewera ake. Anali atagwada bondo limodzi, akujambula mizere pa kabolodi, anyamata atamuzungulira. Ababa anadikira kuti akweze maso. Kenako anavula chipewa, anachigwira ndi manja awiri pachifuwa, anawerama pang'ono, n'kuyamba m'Chingerezi chawo cha pa esiteti, chomwe ndinali ndisanachimve kuyambira ndili mwana.

"Bwana, ine ndine bambo wa mnyamata uyu. Ndachokera ku Malawi. Chomwe walakwa sindikuchidziwa, koma ndabwera kudzapepesa. Ndinamulera ndine, ndiye ngati ali ndi mwano mundikhululukire ineyo. Ndikupempha kuti abwerere pa ntchito."

Mlongo wanga anatenga tawulo n'kudzifunditsa kumutu. Kochi anayang'ana ababa, anayang'ana ine, ndipo ndinamufotokozera mwachidule za maso, za ndege ya Lolemba, ndi zoti munthuyu sanamuonerepo mwana wake akusewera. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya ababa kusekako kunathera panjira. Anaimirira n'kuwagwira dzanja.

"Mzee, pole sana, pepani kwambiri. Mwana wanu sanalakwe chilichonse. Uyu ndiye timu yanga. Bondo lake likavulala lero, mwezi wamawa ndilibe chopita nacho kukalimbirana chikho. Enawa akhoza kugwa n'kudzuka, koma uyu sindimuseweretsa pachabe."

"Asante, kochi," anathokoza monyogodola mnyamata wina wa thukuta thupi lonse, ndipo anzake anaseka.

Ine sindinaseke. Ndinapempha kuti amulowetse ngakhale pang'ono pokha, agwire mpira kamodzi, aponye, atuluke. Kochi anati ngakhale atafuna sizingatheke, chifukwa masewero akayamba oyimbira salola kuwonjezera munthu yemwe sanatchulidwe poyamba. Ndinamuuza mawu angapo omwe sindiwalemba pano. Ababa anandigwira pamkono.

"Ndiye kuti lero ntchito yake ndi kukhala?" anafunsa.

"Eya, mzee."

"Chifukwa choti amatha?"

"Kuposa onsewa."

Ababa anaganiza kaye. Kenako anavala chipewa, anathokoza, n'kubwerera kumalo kwathu. Ulendo uno anadzera m'mphepete.

Tinakhala pansi. Bambo wina wa ku Kenya yemwe anakhala pafupi nafe, wonenepa, wovala jezi yomuthina, anali ataona zonse ndipo analephera kupirira. Anawerama n'kufunsa ngati mnyamata wamtali uja analidi wawo.

"Wanga," anatero ababa.

Bamboyo anawomba m'manja, anaimirira, n'kuyamba kuwaonetsa mmene mwana wawo amasewerera: mmene amatembenukira, mmene amanamizira munthu kuti akupita kumanja, mmene amadumphira n'kukhala m'mwamba ngati waiwala kutsika. Ankachita zonsezi pakati pa mipando, mimba ikugwedera, mpaka anagwetsa botolo langa la madzi. Ababa anamuonerera mwachidwi, akugwedeza mutu, ndipo penapake anamupempha kuti abwereze. Basiketibolo yomwe ababa anaionetsetsa tsiku limenelo ndi imeneyo.

Timu inapambana mosavuta, monga kochi ankadziwira. Anthu anatuluka, ang'oma ananyamula ng'oma zawo, kochi naye anapita. Tinatsala ife ndi mayi wina yemwe ankatola mabotolo. Mlongo wanga anabwera ndi chikwama chake paphewa ndi mpira m'khwapa. Anapereka moni kwa ababa ndi manja awiri, anaika chikwama pansi, n'kuvula masilipasi.

"Ababa, khalani apo kutsogoloko. Ndikuonetseni pang'ono."

Analowa m'bwalo wopanda nsapato n'kuyamba kudunditsa mpira. M'holo mopanda anthu phokoso lake linkamveka ngati munthu akusinja. Ine misozi inali italengeza kale, ndipo ndinatulutsa foni kuti ndijambulire amayi.

"Ika pansi mpirawo," anatero ababa.

"Ababa, ndi pang'ono chabe. Kochi wapita."

"Ndati ika pansi. Akuuza kuti upume."

"Koma mukupita Lolemba."

"Ndikudziwa tsiku lomwe ndikupita. Bondo limenelo anthu akulidalira. Ukufuna ulithyolere ine?"

Anaima pomwepo, mpira uli m'manja, munthu wamkulu wa ndevu zake, ngati mwana yemwe wamulanda chidole. Anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ndinayesa. Ndinati ababa, kuponya kamodzi sikunaphepo munthu. Anandiyankha kuti ine ndayankhula zokwanira tsiku limenelo. Mlongo wanga anagubuduzira mpira kukhoma n'kuvala masilipasi ake.

Atawerama kuti anyamule chikwama, anapeza ababa atachinyamula kale.

"Ababa, n'cholemera chimenecho."

"N'chifukwa chake."

Lolemba ndinawaperekeza kubwalo la ndege. Anamwalira chaka chotsatira, nthawi ya dzinja, asanamuonerepo mwana wawo akusewera. Mpaka lero ndikaganiza za Loweruka limenelo ndimakwiya, ndipo sindidziwa woti ndimukwiyire, chifukwa kochi sanalakwe ndipo ababa ankachita zomwe ankaona kuti n'zoyenera. Zimandipweteka basi.

Potuluka m'holo muja panali masitepe otsikira kumsewu. Ine ndinali kumbuyo. Ababa, munthu yemwe sabata yomweyo ankayenda chogwira khoma, anaima pamwamba pa masitepewo ndi chikwama paphewa, anakweza dzanja mpaka anapeza chigongono cha mwana wawo, n'kuchigwira.

"Pang'onopang'ono," anatero. "Yambitsa mwendo wabwinowo."

Miyendo yonse iwiri inali yabwino, koma mlongo wanga sanawauze. Anatsika monga anamuuzira.